Kujambula Mlalang'amba kuseri kwa nyumba mu Lilongwe: ndigule fyuluta kapena tracker?

Nthanda25

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukujambula nyenyezi, ndisanawononge ndalama zanga. Ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndili ndi kamera ya Canon 600D yogula kwa munthu, lenzi ya 18-55mm yomwe inabwera nayo, lenzi ina ya 50mm f/1.8, komanso tripod yopepuka. Ndimajambulira kuseri kwa nyumba, pakati pa mpanda ndi mtengo wa mango. Ndikatsegula kamera masekondi 20 pa 18mm ndi ISO (muyeso wa momwe kamera imakulitsira kuwala) 3200, thambo lonse limatuluka lotuwa mofiirira. Nyenyezi zimaoneka ndithu, koma Mlalang'amba suoneka, ndipo cha kumwera komwe kuli tauni chithunzi chimayereratu. Aneba anga mbali ziwiri ali ndi magetsi a chitetezo oyaka usiku wonse. Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa, ndipo ndalama zomwe ndasunga zingakwanire chinthu chimodzi chokha: fyuluta yotchinga kuwala kwa m'tauni, kapena tracker yaing'ono yotsatira nyenyezi. Ndimutume chiti?

WakuJoni_Tembisa

Gulani fyuluta, achimwene. Kuno ku Tembisa tili ndi magetsi a pa mapolo ataliatali owunikira dera lonse, ndipo popanda fyuluta sindikanatulutsa chilichonse.

MphunzitsiWaFizikisi

A Nthanda25, ine ndikuti musagule chilichonse mwa ziwirizi panopa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Chithunzi chimodzi cha masekondi 20 chojambulidwa m'tauni sichingaonetse bwino Mlalang'amba, kaya kamera ndi yodula bwanji. Kuwala kwa Mlalang'amba kuli momwemo m'chithunzi chanucho, kungoti kwaphimbidwa ndi kuwala kwa magetsi komwe fumbi ndi chinyezi za mumlengalenga zikubwezera pansi. Kutuwako pakokha si vuto lalikulu, chifukwa pulogalamu ya pa kompyuta imatha kukuchotsa. Vuto lenileni ndi timadontho tosokoneza tomwe kuwala kochulukako kumabwera nato, popeza timatsala ngakhale mutachotsa kutuwako, ndipo timaphimba zinthu zosawala kwambiri.

Mankhwala a timadontho timeneti ndi nthawi. Mumajambula malo amodzimodzi kambirimbiri, kenaka mumasanjikiza zithunzizo pa kompyuta. Nyenyezi zimakhala pa malo omwewo m'chithunzi chilichonse, pamene timadontho timagwera paliponse mwachisawawa, choncho mukaphatikiza nyenyezi zimalimba ndipo timadontho timafafanizana. Masamu ake ndi ouma mtima pang'ono: zithunzi 4 zimayeretsa kawiri, zithunzi 16 zimayeretsa kanayi, zithunzi 100 zimayeretsa kakhumi. Mapulogalamu ochitira zimenezi alipo aulere, monga Siril, DeepSkyStacker ndi Sequator. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo womwe umasunga zonse zomwe kamera yajambula) osati JPEG, tsitsani ISO ifike 1600, ikani lenzi ya 50mm pa f/2.8, ndipo mujambule zithunzi mazana angapo za masekondi atatu kapena anayi. Mukaona zomwe zituluke, mudzadziwa nokha chomwe chikukusowani.

Nthanda25

Zikomo aphunzitsi. Koma ndinawerenga za lamulo loti ugawe 500 ndi kutalika kwa lenzi kuti upeze masekondi omwe ungajambule nyenyezi zisanasanduke mizere, ndipo pa 50mm likundipatsa masekondi 10. Nanga inu mukuti atatu kapena anayi chifukwa chiyani?

MphunzitsiWaFizikisi

Lamulo limenelo linachokera m'nthawi ya filimu, ndipo silikumbukira kuti sensa ya kamera yanu ndi yaing'ono. Pa Canon ya mtundu wanu muyenera kuchulukitsa kaye 50 ndi 1.6, zomwe zikupereka 80, ndipo 500 kugawa ndi 80 ndi masekondi 6. Ngakhale amenewo ndi ochuluka mukakuza chithunzi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo pa lenzi ya 50mm ndi kamera yanuyo, nyenyezi zomwe zimadutsa pakati pa thambo, monga za Akamwiniatsatana, zimayenda pafupifupi pikiselo imodzi pa sekondi iliyonse. Pakatha masekondi 6 nyenyezi yasanduka kamzere. Chosangalatsa ndi chakuti nyenyezi zoyandikira kumwera kwenikweni kwa thambo zimayenda pang'onopang'ono. Mtambo wowala wa Eta Carinae ndi nyenyezi za Mtanda wa Kumwera zimayenda theka chabe la liwiro limenelo, kotero kumeneko masekondi 6 ndi ololedwa.

MayiWakuNamiwawa

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa za kusanjikiza, koma pa funso lenileni lomwe lafunsidwa, ine ndikuti tracker. Ndinayamba momwemo ndi zithunzi zifupizifupi, ndipo zimatheka, koma ntchito yake ndi yotopetsa. Mphindi zingapo zilizonse nyenyezi zimachoka pakati pa chithunzi, ndiye umadzuka kukatembenuza kamera, ndipo pomaliza m'mbali mwa chithunzi mumadulidwa kwambiri. Chithunzi chimodzi cha RAW pa kamera imeneyo chimaposa 20MB, ndiye zithunzi 600 zimadzaza khadi ndipo laputopu yakale imachedwa nazo mpaka kutentha. Ndi tracker monga Sky-Watcher Star Adventurer kapena iOptron SkyGuider Pro, chithunzi chimodzi chimakhala cha masekondi 30 kapena mphindi imodzi, ndipo maola awiri amakwana m'zithunzi 240 kapena 120 zokha. Komanso zithunzi zifupi kwambiri zili ndi vuto lina: nthawi iliyonse kamera ikawerenga sensa imawonjezera timadontho take, ndipo makamera akale a Canon amadziwika ndi timizere tomwe timaonekera ukakoka (kuwalitsa pa kompyuta) kwambiri mdima wa chithunzi.

Za fyuluta, a WakuJoni_Tembisa, kodi magetsi a kwanuko ndi achikasu aja kapena oyera?

WakuJoni_Tembisa

Ambiri omwe ali pafupi ndi ine akadali achikasu, mayi, ngakhale pang'onopang'ono akuwasintha. Koma fyuluta yanga si ya magetsi achikasu okha ayi. Ndi ya Optolong L-eNhance, ndipo kamera yanga inatsegulidwa n'kuchotsedwa galasi lina la mkati.

MayiWakuNamiwawa

Ndiye nkhani yanu ndi ya a Nthanda25 ndi zosiyana kutali. Mafyuluta alipo a mitundu iwiri, ndipo ogulitsa sakonda kufotokoza kusiyana kwake. Mtundu woyamba unapangidwira magetsi akale a mumsewu a sodium, omwe pafupifupi kuwala kwawo konse kumakhala kwachikasu, pafupi ndi 589nm. Fyuluta imatchinga chikasu chimenecho n'kulola mitundu ina kudutsa. Koma magetsi a chitetezo omwe anthu akuika m'nyumba masiku ano, pamodzi ndi a sola omwe ali m'misewu yambiri, ndi a LED, ndipo LED yoyera imawala m'mitundu yonse, kuyambira buluu mpaka kufiira. Palibe pomwe fyuluta ingadule osadulanso kuwala kwa nyenyezi, popeza nazonso nyenyezi zimawala m'mitundu yonse.

Mtundu wachiwiri, womwe muli nawo inuwo, umachita mosemphana: umatseka zonse n'kusiya timipata tochepa, makamaka kufiira kwa mpweya wa hydrogen pa 656nm ndi kubiriwira kwa oxygen pa 501nm. Umenewo ndi wamphamvu ndithu m'tauni, koma umathandiza pa mitambo ya mpweya wowala yokha, monga Eta Carinae ndi Lagoon. Mlalang'amba womwe a Nthanda25 akufuna ndi kuwala kwa nyenyezi zambirimbiri ndi fumbi lakuda, ndipo fyuluta imeneyi ingauphe. Kuwonjezera apo, kamera yosatsegulidwa ili ndi galasi lomwe limatchinga gawo lalikulu la kufiira kwa hydrogen, choncho munthu angagule fyuluta yodula n'kumapeza zithunzi zakuda bii. Chinanso chomwe ambiri amachizindikira katundu atafika kale n'chakuti fyuluta yolowetsa mkati mwa kamera ya Canon siigwirizana ndi malenzi a EF-S, chifukwa kumbuyo kwawo kumalowa mkati n'kugunda galasilo. Lenzi ya 18-55mm ndi ya EF-S.

WakuJoni_Tembisa

Pa Mlalang'amba ndavomera. Koma munthu wa m'tauni sachedwa kutopa ndi kujambula malo amodzimodzi, ndipo tsiku lomwe adzafune kufiira kwa Carina adzaikumbuka fyulutayo.

Mlonda_wa_Chikangawa

Nonsenu mukuvutikiranji ndi kuseri kwa nyumba? Dziko lathu lino lili ndi mdima wokwanira. Munthu akatuluka mu Lilongwe kulowera ku Dzalanyama, ku Ntchisi kapena ku mapiri a Dedza, Mlalang'amba umaoneka ndi maso enieni, mpaka timizere takuda ta pakati pake. Kuno ku Viphya ndimajambula chithunzi chimodzi cha masekondi 15 n'kupeza zomwe inu mukuzifuna ndi zithunzi mazana. Ndalama za trackerzo zisandutseni za mafuta, achimwene.

MphunzitsiWaFizikisi

Mwanena zoona, ndipo kusiyana kwake n'kokulirapo kuposa momwe ambiri amaganizira. Pali muyeso wa mdima wa thambo womwe John Bortle anasindikiza mu 2001, wa magawo 9, pomwe 1 ndi mdima weniweni ndipo 9 ndi pakati pa mzinda waukulu. Koma chofunika kwa wojambula ndi ichi: thambo likawala kakhumi kuposa la kumudzi, pamafunika nthawi yochuluka pafupifupi kakhumi kuti chithunzi chiyere mofanana. Ola limodzi la ku Viphya lingafanane ndi mausiku angapo a ku Area 25.

Komabe a Nthanda25 afunsa za kuseri kwa nyumba, ndipo ndikuganiza kuti ali ndi chifukwa. Kuseri kwa nyumba munthu angajambule Lachiwiri usiku atachoka ku ntchito, kamera ikugwira yokha iye akudya nsima. Ulendo wa ku Dzalanyama umafuna galimoto, mnzako woyenda naye, mwezi wosawala ndi thambo lopanda mitambo, zonsezi zikumane pa Loweruka limodzi. Luso lokhazikitsa lenzi, kulunjika ndi kusanjikiza limaphunziridwa pakhomo, kuti pa tsiku la ulendolo munthu asakathere mdima wabwino akufufuza mabatani.

Nthanda25

N'zoona aphunzitsi, galimoto ndilibe, ndipo kuyenda usiku ndi kamera pa minibasi sindingayerekeze. Tsono ngati tracker ndiyo yabwino, ndili ndi nkhawa ina. Mavidiyo onse omwe ndaona amati uilunjikitse pa nyenyezi ya kumpoto ya Polaris, koma ine sindinaionepo Polaris kuno.

Nabanda_ku_Leeds

Simudzaiona, achimwene, chifukwa ku Malawi ili pansi pa chizimezime. Mavidiyo amenewo amapangidwa ndi anthu a kumpoto kuno, komwe Polaris imakhala pamwamba, madigiri oposa 50, ndipo kulunjika kumatenga mphindi ziwiri. Koma musatisirire. Kuno kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi thambo silida kwathunthu usiku wonse, ndipo pakati pa Mlalang'amba pamangosuzumira pang'ono pamwamba pa madenga a nyumba. Inu kumeneko pamadutsa pafupi ndi pamutu penipeni, m'miyezi yomwe kulibe mvula. Mitambo iwiri ya Magellan, Omega Centauri ndi Carina kuno sizituluka n'komwe. Ndikabwera kumudzi ndimanyamula tracker m'chikwama cha m'manja, zovala zina n'kuzisiya.

MayiWakuNamiwawa

Kulunjika kumwera ndi vuto lenileni, ndipo sindingabise. Nyenyezi yomwe ili pafupi ndi msomali wa thambo wa kumwera, malo omwe nyenyezi zonse zimaoneka kuti zikuzungulira, ndi Sigma Octantis, yomwe ndi yofooka moti ngakhale kumudzi imavuta kuiona ndi maso. Msomaliwo umakwera molingana ndi kutalikira kwa malo anu kuchokera ku equator, choncho ku Lilongwe uli madigiri 14 okha kuchokera pansi, ndipo kuno ku Blantyre pafupifupi 16. Kwa inu a ku Area 25 ndiye kuti uli mkati mwenimweni mwa kuwala kwa tauni, mwinanso kuseri kwa mpanda wanu.

Koma pa malenzi aafupi simufunika kuuona. Njira yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi ya dzuwa. Masana mangirirani mwala ku chingwe, muchilendeweretse pamalo pomwe mumaika tripod, ndipo pa nthawi yomwe dzuwa lafika pamwamba penipeni mulembe mzere wa chithunzithunzi cha chingwecho pa simenti ndi choko kapena penti. Mzere umenewo ndiwo kumpoto ndi kumwera kwenikweni. Samalani kuti nthawiyo si 12 koloko. Ku Lilongwe mu Juni imakhala cha m'ma 11:45, chifukwa mzindawu uli kum'mawa pang'ono kwa mzere womwe nthawi yathu imawerengedwera, ndipo pulogalamu ya Stellarium ingakuuzeni mphindi yeniyeni ya tsikulo. Juni ndi mwezi wabwino pa ntchitoyi chifukwa dzuwa limapendekera kumpoto ndipo chithunzithunzi chimatalika. Usiku mumangoimika tracker motsatira mzerewo, n'kuipendeka madigiri 14 poyeza ndi foni. Mukaphonya ndi digiri imodzi, pa 50mm ndi mphindi imodzi nyenyezi imasuntha pafupifupi pikiselo imodzi yokha, zomwe palibe angazione. Kampasi ya foni ndiyo ndisaikhulupirire, chifukwa pafupi ndi geti lachitsulo ndi malata imanama. Musaiwalenso kuika batani la tracker pa S (kumwera), popeza likakhala pa N (kumpoto) imazungulira mosemphana, ndipo zikatero nyenyezi zimatalika kawiri m'malo moima.

Kalipentala_wa_Bembeke

Ndilowererepo ngakhale sindine wophunzira ngati enanu. Tracker munthu angathe kupanga yekha ndi matabwa awiri, hinji ya chitseko ndi bawuti. Njirayi si yanga, inafalitsidwa ndi George Haig wa ku Scotland mu 1975. Mumalumikiza matabwa awiri ndi hinji, la pansi mumalimanga pa tripod, la pamwamba limanyamula kamera. Pa thabwa la pansi mumaboola bowo pa mtunda wa 229mm kuchokera pakati pa msomali wa hinji, n'kuikapo nati ndi bawuti ya M6, yomwe imayenda 1mm ikazungulira kamodzi. Mukazunguliza bawutiyo kamodzi pa mphindi, thabwa la pamwamba limatseguka pa liwiro lomwe thambo limayendera. Msomali wa hinji ndi womwe umaloza kumwera, pa madigiri 14 omwe mayi anena aja, ndipo kamera iyenera kuyenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo.

Ku mutu wa bawuti ndinamatako kagudumu ka pulaiwudi kolembedwa ngati nkhope ya wotchi, ndipo ndimakatembenuza motsatira muvi wa masekondi. Pa 18mm kutembenuza kotala pa masekondi 15 aliwonse n'kokwanira. Pa 50mm pamafunika kusuntha pang'ono masekondi 5 aliwonse, ndi dzanja lofatsa. Pakatha mphindi khumi ndimabweza bawuti poyambira, chifukwa bawuti ndi yowongoka pamene thabwa likuyenda mozungulira, ndipo liwiro limayamba kuphonya. Chomwe chimawononga ntchito yonse ndi hinji yogwedera. Mukamagula, igwireni mbali zonse muigwedeze, ndipo ikachita phokoso isiyeni. Hinji yaitali ya makabati ndiyo yabwino.

WakuJoni_Tembisa

Ndiye ngati tracker ikupangidwa ndi matabwa, ndalama zatsala za fyuluta.

MphunzitsiWaFizikisi

A Kalipentala, mtunda wa 229mm ndauwerengera ndipo ndi wolondola. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56 poyerekeza ndi nyenyezi, zomwe ndi kotala ya digiri pa mphindi, ndipo 1mm pa mtunda umenewo imapereka ngodya yomweyo. Chomwe chipangizochi chimadya ndi munthu mwini: maola awiri akutembenuza gudumu m'chisanu cha Juni si masewera, ndipo kugwira kulikonse kumagwedeza tripod yopepuka. Pa 18mm chingawathandize a Nthanda25 kuyambira sabata yomweyi, ndipo chingawaphunzitse kulunjika kumwera tracker yeniyeni isanafike.

Gogo_Nsangwe

Ana anga, mwakamba zambiri za zipangizo koma palibe wafunsa kuti kamerayo ikuloza kuti ndiponso nthawi yanji. A Nthanda25 anena okha kuti kumwera ndiko kumayera. Nanga akulozeranji kumeneko? Kuwala kwa tauni kumachuluka m'munsi mwa thambo, chifukwa kamera ikaloza m'munsi imadutsa mpweya wochindikala wodzaza fumbi ndi utsi wa mbaula. Pamutu mpweya ndi wochepa ndipo thambo ndi lakuda. Kumapeto kwa Meyi nyenyezi yofiira ya Antares imafika pamwamba cha pakati pa usiku, madigiri pafupifupi 78 kuchokera pansi mukakhala ku Lilongwe, ndipo pambali pake pali mitambo ya fumbi ya Rho Ophiuchi, yachikasu ndi yabuluu, yomwe imakwana bwino pa 50mm. Pakati pa Mlalang'amba pamatsatira patatha ola limodzi ndi mphindi zingapo. Pofika pakati pa Julayi zonsezi zimakhala pamwamba pakati pa 9 ndi 10 koloko usiku. Dikirani zikwere, ndipo mujambule maola awiri zisanafike pamwamba ndi maola awiri zitadutsa. Pakati pa usiku masitolo atseka, magalimoto achepa, ndipo utsi wophikira wakhazikika.

Nyengo nayo muiwerenge. Thambo lathu limayera kwambiri mvula ikangotha, kuyambira Epulo mpaka Julayi, pamene fumbi latsukidwa. Kuyambira Ogasiti anthu akayamba kutentha tchire ndi kusosa minda, utsi umakuta dziko lonse mpaka mvula yoyamba, ndipo utsi umenewo umabweza kwambiri kuwala kwa magetsi. Mu Okutobala ngakhale dzuwa limalowa lofiira lisanafike pa phiri. Mwezi nawo ukakhala wowala musadzivute, gonani. Mausiku abwino ndi a sabata yomwe mwezi uli mu mdima. Choncho munthu wa m'tauni ali ndi masabata ochepa pa chaka ojambula Mlalang'amba bwino, ndipo a Nthanda25 akadikira mlamu wawo kuti ayambe, ataya ena mwa iwo.

MayiWakuNamiwawa

Agogo anena zomwe tinaziiwala tonse. Kuno ku Blantyre timawonjezerapo chiperoni, chomwe chimatha kutitsekera thambo masiku angapo otsatizana mu Juni ndi Julayi. A ku Lilongwe pamenepo ali ndi mwayi.

Msodzi_wa_Senga

Kwa omwe akuganiza zothawira ku nyanja, dziwani kuti usiku wopanda mwezi womwe inu mumaufuna ndi womwenso asodzi a usipa amaufuna. Amatuluka ndi nyali zokopera nsomba, ndipo nyanja yonse cha kum'mawa imakhala mzere wa magetsi. Pa chithunzi cha malo ndi nyenyezi pamodzi zimakongola, koma Mlalang'amba ukamatuluka m'munsi umasokonezedwa. Ukakwera pamutu sizivutanso.

Nthanda25

Zikomo agogo, ndinkalozadi kumwera chifukwa ndiko Mtanda uli ndipo ndi nyenyezi zomwe ndimazidziwa. Nanga magetsi a aneba aja ndichite nawo bwanji? Limodzi limawalira pa khoma langa mwachindunji.

Gogo_Nsangwe

Magetsi amenewo ndi vuto lina, losiyana ndi kuwala kwa thambo, ndipo ndi losavuta. Chofunika n'chakuti kuwala kwake kusagwere pa galasi la lenzi. Imikani kamera mu mthunzi wa khoma kapena wa mtengo wa mango uja, kapena mangani chitenje chakuda pa chingwe choyanikira zovala pakati pa getsi ndi kamera. Pangani chisoti cha lenzi ndi katoni yakuda, ndipo tsekani kabowo kosuzumira kumbuyo kwa kamera, chifukwa kuwala kumalowanso pamenepo. Aneba musawapemphe kuzimitsa, chifukwa getsi analiikira akuba ndipo sadzakumvetsani. Apempheni kuti mulipendeke liziloza pansi pabwalo lawo, zomwe zimawathandizanso iwo. Muwaonetse kaye chithunzi cha mwezi pa kamera yanu, ndipo alonda a m'deralo adziwe zomwe mumachita, kuti akaona munthu ataima mu mdima pakati pa usiku ndi chinthu cha miyendo itatu asaganize zina.

Mlonda_wa_Chikangawa

Ndipo magetsi akathima m'dera lonse, tulukani msanga ndi kamera.

MphunzitsiWaFizikisi

Zimathandiza pa magetsi a aneba, koma osati kwambiri pa thambo, chifukwa amathima dera ndi dera pamene mbali zina za mzinda zikuwalabe, ndipo masiku ano a sola sathima. Komabe batire likhale lodzaza nthawi zonse.

Ndiwonjezere za zithunzi zothandizira, chifukwa m'tauni ndi zomwe zimasiyanitsa chithunzi chabwino ndi choipa. Lenzi iliyonse imawala pakati n'kuda m'makona, ndipo mukakoka chithunzi cha thambo lotuwa kusiyanako kumakula mpaka kuoneka bwalo lalikulu loyera. Mankhwala ake ndi zithunzi zomwe amati ma flat. Mukamaliza kujambula, musakhudze lenzi. Phimbani kutsogolo kwake ndi tisheti yoyera yokokedwa bwino, ikani sikirini ya laputopu yoyera patsogolo, ndipo jambulani zithunzi 20 kapena 30 kamera ili pa Av, pomwe imasankha yokha nthawi yotsegula. Kenaka tsekani lenzi ndi chivindikiro chake, mujambule ma dark, zithunzi za mdima zochotsera timadontho ta sensa, ndi nthawi ndi ISO zomwe munagwiritsa ntchito pa nyenyezi, kamera ikadali panja pozizira, ndi ma bias, omwenso ndi zithunzi za mdima koma zojambulidwa pa liwiro lalikulu la shutter. Siril imagwiritsa ntchito zonsezi yokha mukaziika m'mafoda ake. Itatha kusanjikiza, chinthu choyamba ndi kuchotsa kutuwa kwa thambo, komwe kumakhala kochuluka mbali imodzi. Pamenepa samalani, chifukwa pulogalamu imatha kuyesa Mlalang'amba kuti nawonso ndi kuwala kosafunika. Ikani timabokosi take pa malo opanda mitambo ya nyenyezi okha. Mizere ya ndege ndi ya masetilaiti, omwe achuluka kuyambira 2019 pomwe Starlink inayamba kuwaponya m'magulu, musataye nayo zithunzi, popeza kusanjikiza kumachotsa chilichonse chomwe chaoneka m'chithunzi chimodzi chokha.

Nabanda_ku_Leeds

Aphunzitsi, ma dark ndimatsutsana nanu pang'ono. Kamera yopanda choziziritsa imasintha kutentha usiku wonse, ndipo ma dark osagwirizana ndi kutenthako amawonjezera timadontho m'malo mochotsa. Ine ndinawasiya. Ndimangosuntha kamera pang'ono pakatha zithunzi zingapo, kuti mapikiselo oipa asamagwere pa malo amodzi a thambo. Ma flat okha ndiwo sindingawasiye.

MphunzitsiWaFizikisi

Pa makamera atsopano mukhoza kukhala olondola, mayi. Pa 600D, yomwe inatuluka mu 2011, ndingawasungebe, makamaka mu Okutobala pomwe usiku umatentha. A Nthanda25 asanjikize kawiri, kamodzi ndi ma dark kamodzi popanda, aone okha.

MayiWakuNamiwawa

A Nthanda25, mlamu wanu mumuuze tracker, ndipo muonetsetse kuti ikubwera ndi chopendekera chake cha pansi komanso mutu wozungulira wogwira kamera, chifukwa ena amagulitsa thupi lokha. Chopendekeracho chiyenera kutsika mpaka madigiri 14. Pa ndalama zotsala awonjezere intervalometer ya waya, yomwe imajambula yokha zithunzi motsatizana popeza 600D ilibe yake mkati, batire lachiwiri la LP-E8, ndi kalamba kotenthetsa lenzi kolumikiza ku power bank. Kalambako musakachepetse. Mu Juni ndi Julayi mame amagwa pakati pa usiku, ndipo lenzi yoloza pamutu ndiyo imayamba kunyowa. Nyenyezi zimafufuma pang'onopang'ono osazindikira, ndipo m'mawa mumapeza kuti theka la zithunzi ndi nkhungu. Pokhazikitsa lenzi, zimitsani autofocus, kuzani nyenyezi yowala kakhumi pa sikirini, tembenuzani mphete mpaka nyenyeziyo ichepetsetse, kenaka matani mpheteyo ndi tepi, chifukwa ya 50mm f/1.8 ndi yolobodoka ndipo imasuntha kamera ikaloza m'mwamba. Tripod yanu yopepukayo musaitalikitse miyendo yonse, ndipo pakati pake mulendeweretse chigubu cha madzi cha malita asanu.

Kalipentala_wa_Bembeke

Chigubucho chikhudze pansi pang'ono, chisalendewere chokha, apo ayi mphepo ya mwera izichigwedeza pamodzi ndi kamera. Ndipo ngati mupanga ya matabwa podikira mlamu, gwiritsani ntchito pulaiwudi yochindikala 18mm, chifukwa thabwa la paini laliwisi limapindika likamwa mame ndipo 229mm yanu sikhalanso yolondola.